Chipangizo Chisadzichitire Chokha Umboni

Ntchito yanga ndi yosaka zolakwika m'ma driver a ma chip obisa uthenga, aja amakhala m'kati mwa ma router ndi ma firewall. Banki kapena kampani ikafuna kulumikiza likulu ndi nthambi zake kudzera pa intaneti, kawirikawiri imagwiritsa ntchito tunnel ya IPsec. Paketi iliyonse yonyamuka mbali ino imasokonezedwa mwadala kuti wapanjira asaiwerenge, imadindidwa chidindo chotsimikiza kuti sinakhudzidwe, kenako imakamasulidwa ikafika tsidya linalo. Masamu ake amalemera purosesa yaing'ono, n'chifukwa chake opanga zipangizo amawonjezera injini yapadera yogwira ntchito yokhayi, monga CAAM ya NXP, CESA ya Marvell, QuickAssist ya Intel kapena EIP-197 ya Inside Secure. Pakati pa injiniyo ndi kernel ya Linux pali driver, pulogalamu yopereka ntchito kwa chip ndi kulandira zotsatira. Pa ntchitoyi ndili ndi mfundo imodzi imene sindigonjerapo, ngakhale wondilipira atafulumira chotani: chipangizo chobisa uthenga sichingadzichitire chokha umboni. Kudzuka kwa tunnel ndi kudutsa kwa ping sikutsimikiza kanthu. Driver ndimaivomereza pokhapokha zotuluka mu chip zitafanana, byte iliyonse, ndi zotuluka m'pulogalamu ina yosadalira chip imeneyo, pa mapaketi a misinkhu yonse, ndiponso chip itapanikizika ndi ntchito.

Chifukwa choyamba chagona pa chikhalidwe cha encryption yeniyeniyo. Wokonza driver ya sikirini amaona ndi maso mitundu ikasokonekera, wa driver ya mawu amamva phokoso m'sipika. Ife tilibe mwayi umenewo, pakuti uthenga wobisidwa bwino ndi uthenga wowonongeka zimaoneka chimodzimodzi, manambala opanda mutu. Mbali yolandira nayo siulula zambiri. Ikawerengera chidindo, chimene timachitcha ICV, n'kupeza kuti sichikugwirizana, imangotaya paketiyo mwakachetechete, ndipo mu Linux chimene chimasintha ndi nambala yowerenga mapaketi okanidwa, XfrmInStateProtoError, mu /proc/net/xfrm_stat. Kiyi yolakwika, byte imodzi yotsalira ya paketi yapita, kutalika kolembedwa molakwa, zonsezi zimakweza nambala yomweyo. Kukhala chete kumeneku n'kwadala. M'chaka cha 2002 Serge Vaudenay anaonetsa kuti makina amene amaulula chifukwa chimene akanira uthenga wobisidwa mwa njira ya CBC angathe kufunsidwa mobwerezabwereza mpaka mdani atawerenga uthengawo alibe kiyi. Choncho chitetezo chimene chimatseka makina pakamwa pamaso pa mdani chimatimananso nkhani ife okonza, ndipo sitingapemphe kuti chichotsedwe.

Anthu ambiri akamva kuti encryption yavuta amaganiza kuti masamu alakwika. M'ntchito yathu zimenezo n'zosowa kwambiri. AES, imene anaipanga ndi Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium ndipo bungwe la NIST la ku America linaikhazikitsa m'chaka cha 2001, ndi imodzi mwa njira zofufuzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo chip yolakwitsa AES yeniyeniyo imagwidwa ndi mayeso oyambirira penipeni. Vuto limakhala polandirana katundu. Chip siona memory monga mmene purosesa imaionera. Imakadzitengera yokha ma byte kudzera mu DMA, motsatira descriptor, kakalata kofotokoza ntchito kamene driver yalemba. Ndipo paketi mu Linux sikhala nthawi zonse malo amodzi. Ikhoza kukhala zidutswa zingapo zomwazikana, driver n'kulandira mndandanda wa zidutswazo, umene timautcha scatterlist, kuti iumasulire m'chilankhulo cha chip. Ping wamba imanyamula ma byte 56 okha ndipo imakwana m'chidutswa chimodzi, ndiye imadutsa ngakhale pa driver yosalongosoka. Paketi yaikulu ikhoza kudukira pakati pa buloko ya AES, imene ndi ma byte 16, ndipo apa ndi pamene imagwera driver yolembedwa mongoganiza kuti chidutswa chilichonse chimathera pamalire abwino.

Kenako pali cache, imene imandidyera nthawi kuposa china chilichonse. Purosesa imasunga pafupi nayo kope la zimene zili mu memory, m'mizere ya ma byte 32 kapena 64. Pa makompyuta a x86 makina amaonetsetsa okha kuti kopeli likugwirizana ndi memory, koma pa ma chip ambiri a ARM ndi MIPS a m'ma router otsika mtengo udindowu uli m'manja mwa wolemba driver. Akaiwala kukankhira kopelo ku memory asanatume chip, chip imabisa data yakale. Akaiwala kutaya kopelo chip itamaliza, purosesa imawerenga zakale n'kusiya zatsopano. Choipa koposa ndi pamene malo olandirira zotsatira agawana mzere umodzi wa cache ndi kanthu kena kamene purosesa ikulembamo. Pamenepo paketi imodzi mwa zambirimbiri imawonongeka, TCP imaitumizanso, ndipo wogwiritsa ntchito amangodandaula kuti netiweki ikuchedwa. Umboni woti zolakwika za mtundu uwu zimatha kugona zaka ulipo. Linux 4.9 itatuluka m'chaka cha 2016 inabwera ndi kasungidwe katsopano ka stack ya kernel, ntchito ya Andy Lutomirski, ndipo ma driver angapo amene ankachita DMA kuchokera pa stack, chinthu choletsedwa kuyambira kale, anaonekera poyera. Sanawonongeke chaka chimenecho ayi. Anali olakwika kuyambira pachiyambi, kungoti mwayi unkawabisa.

Tsopano taonani mmene ma driver ambiri amayesedwera: ma router awiri a mtundu umodzi, chip yofanana, driver yofanana, chingwe pakati, ndipo tunnel ikadzuka onse amawomba m'manja. Zili ngati mavenda awiri amene anagula masikelo onama kwa munthu mmodzi. Akamagulitsana chimanga sangakangane, bodza limadzaoneka tsiku limene thumba lakwera pa sikelo ya wina. RFC 4106, chikalata cha 2005 chofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka AES-GCM mu IPsec, chimalamula kuti nonce, nambala yogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, ikhale ma byte 12, anayi ochokera kumapeto kwa kiyi ndi asanu ndi atatu a IV yoyenda ndi paketi, ndiponso kuti SPI, chizindikiro cha tunnel, ndi nambala ya paketi zilowe m'kuwerengera chidindo. Driver ikasanja zimenezi mozondoka mbali zonse ziwiri, zolakwikazo zimafafanizana, vuto n'kudzabuka kasitomala atalumikiza kale nthambi yake ndi router ya kampani ina. Chitsanzo chochenjera kuposa apa ndi cha nambala ya paketi. Imene imalembedwa pa waya ili ndi ma bit 32, kutanthauza mapaketi 4,294,967,296. Pa liwiro la mapaketi 1 miliyoni pa sekondi amenewa amatha m'mphindi pafupifupi 72, ndiye RFC 4303 imalola nambala ya ma bit 64, imene theka lake lapamwamba silitumizidwa koma limalowa m'chidindo. Theka limeneli limakhala ziro mpaka mapaketi oposa 4 biliyoni atadutsa, ndipo ziro ndi ziro kaya mwailemba chakutsogolo kapena chakumbuyo. Driver yotembenuza dongosolo la ma byte pamenepa ikhoza kugwirizana ndi chipangizo chilichonse kwa miyezi, chifukwa pa mzere waung'ono makiyi amasinthidwa nambala isanafike kumeneko, n'kudzagwa pa mzere wothamanga wa kasitomala wamkulu. Woyesa amene sanayambitse dala nambalayo pafupi ndi malire ake sanaikhudze n'komwe mbali imeneyi.

Komabe zolakwika zonse ndatchulazi zili ndi ubwino umodzi: tsiku lina zimataya paketi, wina n'kudandaula. Pali mtundu wina umene sutaya kanthu. Mu GCM, IV siyenera kubwerezedwa pansi pa kiyi imodzi ngakhale kamodzi kokha. Ikabwerezedwa, womvetsera panjira amatha kuphatikiza mapaketi awiriwo n'kuyamba kuona zam'kati, ndipo monga anaonetsera Antoine Joux m'chaka cha 2006, amathanso kupeza chinsinsi chopangira chidindo n'kuyamba kudinda mapaketi ake abodza. Mbali yolandira siyang'ana ngati IV inabwerapo kale, imangomasula n'kupereka. Ndiye driver imene imabwezera kawerengedwe ka IV pa ziro chip ikadzutsidwanso, kapena yopereka IV imodzi ku ntchito ziwiri zothamanga nthawi imodzi, imapambana mayeso onse a liwiro ndipo kasitomala amakhutira. Izi si nthano zoopsezera ana. M'chaka cha 2016 Hanno Böck ndi anzake anafufuza pa intaneti n'kupeza ma server 184 a HTTPS amene ankabwereza nonce ya GCM, ena mwa iwo a mabungwe azachuma, ndipo masamba awo ankatseguka bwinobwino. Zinachitika pa TLS osati pa IPsec, koma masamu ake ndi omwewo. Cholakwika chotere chimagwidwa ndi mboni yakunja yokha, kompyuta ina yojambula mapaketi pa waya n'kuwerenga IV iliyonse.

Kachitidwe kanga konse kamachokera pa mfundo yomweyi. Ndimayamba ndi manambala a xfrm_stat mbali zonse ziwiri, kuti ndidziwe ngati mapaketi akufera pa chidindo, pa nambala, kapena sakufika n'komwe, poti nthawi zina wolakwa ndi firewall yapakati yotseka protocol 50 kapena UDP 4500, chip ilibe mlandu. Kenako ndimayang'ana /proc/crypto, chifukwa kernel imasankha yokha njira yokhala ndi priority yapamwamba, ndipo si bwino kungoganiza kuti ukudziwa imene ikugwira ntchito. Ndikachotsa driver yokayikitsayo tunnel n'kuchira pa pulogalamu wamba, wokayikiridwa wadziwika, koma mlandu wake sunadziwike. Apa ndimaika pambali strongSwan kapena Libreswan, amene ntchito yawo ndi kukambirana makiyi, n'kulowetsa makiyi oyesera pamanja ndi ip xfrm, kuti paketi yomweyo ibisidwe ndi chip komanso ndi pulogalamu, ine ndiziyerekeze. Malo amene byte yoyamba yasiyana ndiwo amandiuza zambiri. GCM ili ndi ubwino woti byte yowonongeka imakhala pamalo pake pomwepo, pomwe mu CBC cholakwika cha pobisa chimafalikira mpaka kumapeto kwa paketi. Kusiyana kukayambira pa adiresi yogawika ndi 32 kapena 64 n'kutenga mzere umodzi wokha, ndimakayikira cache. Kukayambira pamene chidutswa chathera, ndi scatterlist. Kukagwera pamalire a tsamba la memory la ma byte 4096, ndimayang'ana DMA. Ngati uthenga wonse ukufanana koma chidindo chokha chasiyana, vuto lili pa SPI, pa nambala ya paketi kapena pa kutalika. Popanda mboni yachiwiri zizindikiro zonsezi kulibe, umangotsala ndi nambala ija ikukwera.

Kupanikiza chip n'kofunika pa chifukwa china. Driver siyankha pomwepo. Imalandira ntchito, imanena kuti ikugwiridwa, yankho n'kubwera pambuyo pake. Mzere wa chip ukadzaza pali pangano la mmene driver iyenera kuchitira, ndipo panganoli siliyesedwa pamene mapaketi akubwera imodziimodzi. M'chaka cha 2022 mainjiniya a Intel anazimitsa okha kwakanthawi njira zobisira za driver ya QuickAssist mu Linux, atavomereza kuti mzere ukadzaza driver inkayankha kuti yatanganidwa koma osasunga ntchitoyo, moti dm-crypt, yobisa data ya pa disk, inkatha kudikira mpaka kalekale yankho la ntchito imene sinafike n'komwe ku chip. Anazibwezera atakonza. Ndimawapatsa ulemu chifukwa chochitira zimenezo poyera, koma dziwani kuti imeneyo ndi kampani yokhala ndi akatswiri ndi zipangizo zoyesera zochuluka kuposa zimene ambirife tidzagwirepo. Vuto lina la katundu wambiri ndi kupitirirana. Chip yokhala ndi mizere ingapo imamaliza mapaketi mosatsata dongosolo, ndipo mbali yolandira, imene imakumbukira manambala aposachedwa ochepa okha, 32 kapena 64 mwachizolowezi, imataya ochedwawo poganiza kuti mdani akubwereza akale. Ena amathamangira kuzimitsa chitetezo chimenechi kuti liwiro likwere. Kuwonjezera chiwerengero cha manambala okumbukiridwa n'kololeka ukadziwa chifukwa chake, koma kuchizimitsa ndi kubisa cholakwika cha driver polanda kasitomala chitetezo chimene analipira.

Otsutsa amafunsa kuti, kodi kernel siyesa kale driver iliyonse ikamalowa? N'zoona, ndipo mu /proc/crypto mumalembedwa kuti selftest yapambana. Opanga ena amaonetsanso satifiketi ya FIPS. Koma mayeso amenewa ndi mafunso odziwika okhala ndi mayankho odziwika, operekedwa limodzilimodzi chip ili phee. Amatsimikiza masamu, pomwe masamu si amene amadwala. Umboni wake unabwera m'chaka cha 2019, pamene Eric Biggers anawonjezera mu kernel mayeso osankha mwachisawawa kutalika kwa data ndi kadulidwe ka zidutswa, n'kuyerekeza zotsatira ndi pulogalamu wamba yolembedwa mu C. Zolakwika zinatulukira m'mapulogalamu amene kale ankalembedwa kuti apambana. Mayeso atsopanowa nawo ali ndi malire, pakuti sapanga mapaketi enieni a IPsec ndipo sadzaza mzere wa chip, koma njira yake ndi yomwe ndikuitetezayi.

Funso lolemera kuposa limenelo ndi lakuti, nanga mboniyo ikakhala yonama? Pulogalamu nayo imalakwa, ndipo imatha kulakwa mwakachetechete. Kuyambira 2006 mpaka 2008 OpenSSL ya mu Debian inkapanga makiyi osavuta kulosera, zonse zikuoneka ngati zikuyenda, mpaka Luciano Bello atatulukira. Sindikunena kuti pulogalamu ndi yoyera. Ndikunena kuti ndi yosiyana: inalembedwa ndi anthu ena, sidutsa mu DMA ya chip, ndipo imalumikizana tsiku ndi tsiku ndi zipangizo za makampani ambirimbiri. Kuti anthu awiri osadziwana alakwitse pa byte yomweyo mwa njira yomweyo n'kovuta kwambiri, pomwe chip kugwirizana ndi inzake yofanana nayo n'kosachita kufunsa. Zikasemphana sindifulumira kuweruza chip. Ndimaitana wachitatu, pulogalamu yowerenga mapaketi ya Wireshark yopatsidwa makiyi oyesera kapena zitsanzo zofalitsidwa ndi NIST, ndipo mlandu ukhoza kugwera kernel.

Dandaulo lakuti kuyerekeza kotere kumaika makiyi poyera ndimagwirizana nalo. Lamulo la ip xfrm state limasindikiza makiyi, ndipo anthu ofuna thandizo amangokopera zonsezo mu imelo. Koma yankho si kusiya kuyerekeza. Ndi kuchitira pa makiyi oyesera, pa zipangizo zosalumikizidwa ku netiweki ya kasitomala, ndi kuonetsetsa kuti mzere uliwonse wosindikiza kiyi wachotsedwa driver isanatuluke.

Ena amapita patali n'kunena kuti injini zimenezi tingozisiya. Ali ndi mfundo, ndipo ngakhale ndimadyera pomwepa ndiyenera kuivomereza. Kuyambira 2010 mapurosesa ambiri a Intel ali ndi malangizo a AES-NI, a ARMv8 ambiri ali ndi ofanana nawo, ndipo WireGuard ya Jason Donenfeld, imene inalowa mu Linux 5.6 m'chaka cha 2020, inasankha ChaCha20-Poly1305, yothamanga bwino pa purosesa wamba. Pa mapaketi ang'onoang'ono, nthawi yolemba descriptor, kukonza cache ndi kudikira interrupt imatha kuposa nthawi imene purosesa ikanatenga kubisa yokha. Pamene purosesa ili ndi malangizo a AES, ine ndimalangiza kuti injini yapadera izimitsidwe pokhapokha muyeso utaonetsa phindu lenileni. Koma injinizi sizikutha. Ma router otsika mtengo ambiri alibe malangizo amenewo, mabanki ndi maboma ambiri amafunabe IPsec, ndipo pa mizere yothamanga kwambiri ntchito yobisa ikusamukira m'khadi ya netiweki yeniyeniyo, njira imene Linux inayamba kuilola mu 4.12 m'chaka cha 2017. Kumeneko mfundo yanga imalimba kuposa kale, chifukwa pulogalamu yojambula mapaketi ya tcpdump yothamanga pa makina omwewo imaona paketi isanafike pa khadi, isanabisidwe. Makinawo alibe njira yodzionera okha chimene chatuluka pa waya, kaya chabisidwa moyenera kaya ayi. Wodziwa ndi kompyuta ina yomvetsera pa switch.

Chotsala ndi nkhani ya nthawi ndi ndalama, poti mabwana amati sabata yoyesa ndi sabata yochedwetsa malonda. Zambiri mwa zimene ndafotokozazi zimalembedwa kamodzi ngati script n'kumathamanga zokha usiku driver ikasinthidwa, ndipo zida zake, monga CONFIG_DMA_API_DEBUG, KASAN ndi tcrypt, n'zaulere, zili kale mu kernel. Chodula ndi kusaka vuto pa router imene ili kale kunthambi yakutali, kumene sungalowetse makiyi oyesera kapena kuzimitsa netiweki masana anthu ali pamzere. Ndiye inu amene mumagulira zipangizozi banki, chipatala kapena ofesi ya boma, musakhutire ndi liwiro lolembedwa pa katoni. Funsani wogulitsa kuti tunnel yawo anaiyesa ndi chipangizo cha ndani mbali inayo, pa mapaketi aakulu bwanji, chip itadzaza kapena ili phee, ngati anadutsitsa nambala ya paketi malire a ma bit 32, ndiponso ngati alipo amene anawerenga ma IV pa waya. Akakuyankhani kuti analumikiza ma router awo awiri ndipo zinayenda, musasayine, chifukwa chipangizocho sichinayesedwe.